Kuona maso a nkhono n'kudekha

Nkhono ili ndi tinyanga tinayi, tiwiri tatifupi m'munsi ndi tiwiri tatitali pamwamba, ndipo maso ake ali kunsonga kwa tatitalito. Mwana akaitola m'dzinja n'kuigogoda ndi kamtengo kuti aionetsetse, iyo imabweza tinyangato, kenaka mutu wonse n'kulowa m'chigoba. Akaisiya pansi n'kukhala duu, pakapita kanthawi tinyanga tija timasomphoka tokha. Ambiri akamva mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha amangoti ukuletsa kupupuluma. N'zoona, koma tanthauzo lake silithera pamenepo. Chimene chimabisa maso a nkhono ndi dzanja la munthu yemwe akufuna kuwaonayo. Choncho kudekha kumene akuluakulu ankanena ndi luso lodzichepetsa pamaso pa chinthu mpaka chiiwale zoti ulipo.

Ntchito imene imaonetsa bwino mfundoyi ndi ya alenje a m'mapiri a Rocky ku America, makamaka m'chigawo cha Colorado, kumene munthu wogula chiphaso amaloledwa kusaka nyama yotchedwa elk. Nyamayi ndi yaikulu kuposa ngoma koma yosafika pa ntchefu, ndipo yamphongo imalemera makilogalamu oposa 300. Cha m'ma 1910 ku Colorado kunatsala elk zosaposa 1,000 chifukwa chosakidwa mopanda malire, koma lero zilipo zoposa 280,000. Munthu akhoza kuganiza kuti pochuluka nyama chotere aliyense amabwerako atasenza ndiwo. Ayi ndithu: mwa alenje asanu aliwonse, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene amapha. Osaka ndi uta amapatsidwa mwezi wa Seputembala, amfuti amalowa m'thengo mu Okutobala ndi Novembala, koma mlenje wodziwa ntchito yake amakhala atayamba kale mu Julaye kapena Ogasiti, kukwera mapiri wopanda chida, atangonyamula zoonera patali, madzi ndi mapu. Amapita kukazonda.

Kuzondako kuli ndi mwambo wake, ndipo mwambowo ndi wa mwana amene waika nkhono pansi. Wozonda salowa m'nkhalango mmene nyama zimagona. Amakwera phiri loyang'anana nayo kusanache, n'kukhala pamwala maola awiri kapena atatu akuyang'ana m'mphepete mwa madambo, chifukwa elk zimadya m'mamawa ndi chakumadzulo, dzuwa likakwera zimakabisala pamthunzi. Kumeneko mthunzi umapezeka mbali ya phiri yopenya kumpoto, kusiyana ndi kwathu kuno kumene mbali yozizira ndi yakumwera. Akatsika, maso amakhala pansi. Ndowe zonyezimira ndi zofewa ndi zalero, zotuwa ndi zong'aluka ndi zakale. Kamtengo kosupuka khungwa, utomoni uli njo, kakunena kuti yamphongo yadutsa posachedwa ikupala nyanga zake, zimene zimasenda khungu lake laubweya kumapeto kwa Ogasiti. Chithaphwi chamatope chonunkha mkodzo, madzi ake ali ovunduka, ndi pamene yamphongo imagubuduka nyengo yokwerana ikamayandikira. Koma chachikulu pa zonse ndi mphepo. Usiku ndi m'mawa mpweya wozizira umatsetsereka kulowera m'chigwa, dzuwa likatenthetsa nthaka umatembenuka n'kuyamba kukwera. Amene afikira nyama kuchokera pamwamba m'mawa watumiza kale fungo lake patsogolo, ndipo gulu limene lanunkhiza munthu pogona pake likhoza kusamukira chigwa china osabwereranso sabata imeneyo. Wagogoda chigoba ameneyo.

Ena anganene kuti zonsezi n'zachikale. Lero munthu ali pampando kunyumba akhoza kuona phiri lonse pa Google Earth, kapena kutsegula pulogalamu ya onX pafoni n'kudziwa malire a malo aboma ndi a eni, akasupe ndi tinjira. Palinso makamera omangirira pamtengo amene amajambula okha nyama ikadutsa. Zipangizozi zimathandizadi, ndipo wozikana n'ngwamakani chabe. Komabe chithunzi chochokera kumwamba sichinena ngati kasupe wauma chaka chino, kapena ngati abusa alowetsa nkhosa m'dambo limene munthu waliikira mtima. Kamera nayo imafuna mwini wake apite kukaimangirira n'kubwereranso kukaiona, ndipo ulendo uliwonse umasiya fungo pamadzi pomwe nyama zimamwera. Ku Arizona, kumene chitsime chimodzi chinkazunguliridwa ndi makamera ambirimbiri, boma linaletsa kuwagwiritsa ntchito posaka kuyambira pa 1 Januwale 2022, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti piringupiringu wa eni makamera ankasokoneza nyama pomwera. Colorado inaletsa kuzonda nyama ndi tindege topanda woyendetsa mu 2014. Makina afupikitsa mtunda, koma nyama ikadali yamantha monga kale.

Kutsutsa kwamphamvu kuposa apa n'kwakuti nyama sizimangika. Elk zimene munthu waziona mu Julaye zili pamwamba penipeni pa phiri, zamphongo zili pazokha. Pofika pakati pa Seputembala zamphongozo zatsika kutsata zazikazi, zikulira mokweza usiku wonse, ndipo chipale chikagwa gulu lonse limatsikira kunsi. Nanga phindu lokhala pamwala mu Julaye n'lotani? Komanso ife tomwe timati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndiye kodi wodekha sangadekhe mpaka nyengo kutha? Yankho lake n'lakuti wozonda wanzeru saloweza nyama imodzi, amaphunzira dziko. Amadziwa kumene kuli zazikazi ndi ana, poti zamphongo zidzabwera komweko. Amadziwa mpata wapakati pa mapiri umene gulu limadzera likaopsedwa, ndi chigwa chimene chatalikirana ndi msewu. Kafukufuku wa zaka zambiri kunkhalango ya Starkey ku Oregon anasonyeza kuti elk zimapewa misewu yodutsa magalimoto, ndiye wozonda amawerenga alenje anzake monga mmene amawerengera nyama: aimika kuti magalimoto, ayenda mtunda wotani asanatope, nyama zithawira kuti. Zengerezu uja anali kuzengereza ntchito ili m'manja. Wozonda amagwira ntchito yake nthawi isanakwane, kuti tsiku lenileni likafika asataye m'mawa wonse akufunafuna njira.

Palinso amene amaona kuti kudziwa nyama mpaka pogona pake n'kuichitira chiwembu. Mtima umenewu ndi wabwino, ndipo alenje a ku America akhala akukangana za kusaka mwachilungamo kuyambira pamene Theodore Roosevelt ndi anzake anakhazikitsa bungwe la Boone and Crockett Club mu 1887. Koma tikaganiza bwino, amene amazunza nyama kwambiri ndi wosakonzeka. Iyeyo ndi amene amadzidzimuka nayo, n'kuponya muvi ili patali kapena ikuthamanga, nyama n'kukafera kutali ndi bala. Ndiponso kupha ndi theka chabe la ntchito. M'madera otetezedwa ndi lamulo la Wilderness Act la 1964, monga Flat Tops ku Colorado komweko, simulowa galimoto, ngakhale njinga yakapalasa. Nyama yonse imatuluka pamsana pa munthu kapena pa hatchi, maulendo angapo, m'njira zokwera ndi zotsika, pamene masana a Seputembala amatha kutentha moti nyama yosapachikidwa pamthunzi imayamba kununkha isanafike pagalimoto. Wozonda amakhala atayeza kale mtunda umenewo ndi miyendo yake, ndipo pali zigwa zina zimene amazisiya dala ngakhale muli nyama, podziwa kuti sangaitulutse isanaonongeke. Wosakonzeka uja amazindikira zimenezi nyama ili kale pansi, ndipo ku Colorado kusiya nyama yodyedwa kuti iwolere m'thengo ndi mlandu.