Lachitatu: Dzina Lotsiriza pa Mndandanda wa Ngwazi

Werengani 2 Samueli 11:6-25. Kodi Davide anayankha motani atamva za asilikali amene anafa pafupi ndi linga la Raba?

Uriya anali Mhiti, mlendo pakati pa ankhondo a Israeli. Ataitanidwa ku Yerusalemu kuchokera kunkhondo, anakana kukagona kunyumba kwake pamene likasa la Mulungu linali m'misasa ndipo anzake anali kugona kuthengo. Mfumu inamuledzeretsa, koma ngakhale usiku umenewo sanatsikire kwa mkazi wake. M'mawa mwake ananyamula ndi dzanja lake kalata yolamula Yoabu kuti amuike pamene nkhondo yakula, kenaka amusiye yekha.

Kawirikawiri timadutsa mofulumira pa vesi 17, pamene timauzidwa kuti Uriya sanafe yekha. Kuti imfa yake ioneke ngati ngozi ya kunkhondo, asilikali ena anayandikizidwa ku linga kumene oponya mivi anali kudikira, ndipo iwonso anagwa. Maina awo sanalembedwe. Anali ana a anthu, mwina ena anali ndi akazi ndi ana, ndipo anafera kubisa tchimo limene sanalichite. Davide atamva, anatumiza mawu kwa Yoabu kuti asavutike mtima, popeza lupanga silisankha munthu. Ndiwo mayankhulidwe a munthu amene sanaone mtembo, amene imfa yamufikira ngati uthenga chabe.

Yerekezani 2 Samueli 12:9, 10 ndi 2 Samueli 23:39, 1 Mafumu 15:5, Mateyu 1:6. Kodi dzina la Uriya likupezeka motani m'mavesi amenewa?

Mfumu inafuna kuti nkhaniyi ikwiriridwe pamodzi ndi mwini wake, koma Yehova anatuma Natani, amene anatchula Uriya ndi dzina pamaso pa mfumuyo. Pa mndandanda wa ngwazi 37 za Davide, dzina lake ndilo lotsiriza, ndipo wowerenga sangatseke mutuwo osalikumbukira. Patapita zaka pafupifupi 1,000, Mateyu polemba mbadwo wa Yesu sanatchule dzina la amake a Solomo. Anamutcha mkazi wa Uriya.

Nafenso kuno tili nawo asilikali olembedwa ndi osalembedwa. Ku Zomba kuli chipilala cha njerwa chokumbukira asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Koma pa nkhondo yomweyo amuna ambirimbiri anatengedwa m'midzi kukasenza katundu wa asilikali, ntchito ya mtengatenga, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda, naikidwa m'manda opanda chizindikiro.

Ife timakhulupirira kuti akufa ali m'tulo ndipo sadziwa kanthu (Mlaliki 9:5). Chotero pokumbukira msilikali sitiyankhula naye, sitimupempherera, ndiponso sititamanda nkhondo imene inamupha. Timatchula dzina lake chifukwa cha amoyo: mkazi wamasiye, ana ake, ndi olamula amene ayenera kumva kuti amene anamutumayo anali munthu. Za manda osadziwika aja, Yohane 5:28, 29 akutiuza kuti onse ali m'manda adzamva mawu a Mwana wa Mulungu.

Kambiranani m'kalasi: Kodi mumpingo mwathu kapena m'mudzi mwathu muli banja limene linataya munthu kunkhondo? Ndi liti pamene tinawachezera komaliza, ndipo dzina la womwalirayo timalidziwa?