ZA NKHOSA ZOBVUNDULA MADZI

Werengani Ezekieli 34:17-19.

Abale okondedwa a m'midzi ya pa Rivirivi, m'mau amenewa Mulungu ali ndi mlandu ndi nkhosa zonenepa. Mlanduwo suli wa kuba kapena wa kupha ai. Nkhosazo zinamwa madzi oyera kufikira kukhuta, ndipo pochoka zinapondaponda otsalawo, kuti zinzao zofoka, zofika m'mbuyo, zimwe matope. Mlandu womwewo uli pa ife lero, ndipo mboni yache ndiyo nyanja ya Chilwa.

Taganizani za nyanjayo. Iri yosaya, ndipo iribe mtsinje woturukamo. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe atsira momwemo; madzi auma ndi dzuwa, koma zimene anadza nazo zitsala. Likangala apita pakati pa mudzi wa Zomba natenga zonyansa za m'ngalande. Apitanso m'minda natenga fetereza wokokoloka. Nyanja ilandira zonsezi, siikhoza kulabvula kanthu.

Kapena wina adzati, Kodi fetereza ndi ndowe siziri zabwino? Inde, nzabwino pamalo pache. M'menemo muli zakudya ziwiri za mbeu, zimene ophunzira azicha naitrojeni ndi fosiforasi. Zikakhala pa phando la chimanga zidzaza nkhokwe. Zikalowa m'madzi zinenepetsa ndere ndi namasupuni. Ndere ichuruka, madzi abiriwira, ndipo dzuwa silifikanso pansi. Pakufa ndereyo imira niola, ndipo kuola kwache kutha mpweya umene nsomba zipuma m'madzi. Pamenepo matemba ndi makumba abanika ali m'kati mwa madzi, ndi msodzi abwerera ndi dengu lopanda kanthu. Taonani chodabwitsa: nyanja ikhoza kufa ndi kukhuta.

Ndipo madzi akachepa, monga anachita mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018 pamene Chilwa anaphwa, zonyansa sizichepa nao pamodzi. Asodzi ogona m'zimbowera amwa madzi omwewo. Kumbukirani kuti kolera imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno inaonekera poyamba m'boma la Machinga mu Marichi 2022. Nthenda imeneyo iyenda m'madzi amene alowa chimbudzi cha munthu.

Winanso adzati, Rivirivi wathu sapita ku Chilwa. Nanga ife tachimwanji? Zoonadi, atsika ku mapiri a Ntcheu, napita m'dziko la Balaka, natsira mu Shire. Koma ali nao akunsi ache. Mai wotunga pa dooko la kunsi kwa mudzi wanu ndiye nkhosa yofoka ija. Nthaka ya m'munda mwanu ipita ku Nkula, kumene matope ndi udzu wa m'madzi zitseka makina a magetsi, ndipo nyali zizima kwa anthu amene simunawaona nkhope. Tchimo la pa madzi liri lotere: wolichita saona wolira nalo, pakuti madzi achotsa umboni usiku womwewo. Koma Mbusa aona kumtunda ndi kunsi komwe.

Tsono tichitenji? Musalime kufikira m'mphepete mweni mweni mwa mtsinje. Siyani bango, nsenjere ndi mitengo, pakuti mizu yache igwira nthaka nisefa madzi. Fetereza mumkwirire pa phando, musammwaze pamwamba mvula yaikuru iri pafupi. Wokokolokayo ndiye ndalama zanu zomwe. Ndowe za m'khola muziunjike m'dzenje kutali ndi khwawa, zibwerere kumunda. Banja liri lonse likumbe chimbudzi kutali ndi mtsinje ndi chitsime. Amai achape matewera pamtunda, natayire madziwo m'dzenje. Akulu a Mpingo ndi a nyakwawa apangane za ichi mvula isanagwe, pakuti madzi akatayika saoleka.

Abale, simunapanga dontho limodzi la Rivirivi. Munalandira madziwo kwa a kumtunda monga mphatso, ndipo muwapereka kwa akunsi monga mangawa. Pobwera ku dooko mawa, cheukani, muone madzi amene mwasiya, nimudzifunse ngati mwana wanu akadamwa. Mbusa wabwino, amene adzaweruza pakati pa nkhosa ndi nkhosa inzache, atipatse mtima wokumbukira wakudza m'mbuyo. Amen.