Kodi Woona Fupa Lothyoka Akhale Chete?

Mnyamata wa ku Matandani akagwa mumtengo wa manachesi napweteka mkono, ulendo wake suthera pachipatala chaching'ono cha pamishoni. Amatumizidwa ku chipatala cha boma ku Neno kuti akajambulidwe ekisire. Woyamba kuona chithunzicho ndi wojambula mwini wake. Munthuyu adaphunzira za mafupa ndipo waona zithunzi zosaŵerengeka, kotero kuti mng'alu wa fupa sumusoŵa. Komatu mwambo wa zipatala umati ntchito yake ndi kujambula. Kumasulira chithunzi nkwa dokotala.

Mwambowu suli wopanda nzeru. Chitulukire Wilhelm Röntgen kuŵala kumeneku m'chaka cha 1895, madokotala akhala akudziŵa kuti chithunzi cha ekisire ndi mithunzi chabe, ndipo mithunzi imanamiza. Fupa la mwana lili ndi malo amene limakulira, ooneka ngati mng'alu. Wodziŵa pang'ono anganene kuti lathyoka pamene lili bwinobwino.

Koma madokotala amene adazama pa zomasulira zithunzi ndi oŵerengeka m'Malaŵi muno, ndipo amapezeka m'zipatala zazikulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe. M'maboma akutali chithunzi chimafika m'manja mwa wachipatala mmodzi amene mwina wachezera usiku wonse, odwala ali ndandanda pakhomo. Iyeyu akapanda kuuona mng'alu uja, mwana amabwerera kwao ndi mankhwala opha ululu okha, fupa nkugwirana mokhota. Nanga wojambula amene adauona nakhala chete alibe mlandu? Nkovuta kumuyesa wosalakwa. Lamulo lidaikidwa kuti liteteze wodwala, ndipo silingakhale pobisalira munthu amene waona ngozi.

Ku Britain vutoli adalipezera njira m'zaka za m'ma 1980. Wojambula akakayikira chithunzi ankamatapo kadontho kofiira kuti dokotala wa ku chipinda cha ovulala ayang'anitsitse. Pambuyo pake ojambula ena adaphunzitsidwa mwapadera kulemba zimene aona ndi kusainira dzina lao.

Kusainira kumeneku ndiko phata la nkhani. Kunong'oneza kholo pakhonde kuti "mwana wanu wathyoka" nkosavuta, chifukwa mawa munthu akhoza kukana. Wolemba dzina lake pansi pa mawu ake wavomera kufunsidwa akalakwitsa, ndiponso wavomera kulemba kuti "apa sindikudziŵa" pamene chithunzi chamukanika. Mawu otsirizaŵa ngolemera pakamwa, makamaka kwa munthu amene kumudzi amamutcha adokotala. Choncho wojambula asanapatsidwe mphamvu yolemba, ayambe waphunzitsidwa ndi kuyesedwa, ndipo pakhale womuunika ntchito yake.

Poyembekezera zimenezo, palibe chomuletsa kunyamula chithunzicho, kugogoda pachitseko cha dokotala ndi kuloza ndi chala pamene akukayikapo, mayi wa mnyamata uja asanauyambe ulendo wobwerera ku Matandani.