Wakutsina Khutu ndi Mnansi

Mwambi wakuti "wakutsina khutu ndi mnansi" umaphunzitsa kuti munthu amene waululira mnzake cholakwa chimene mwini wake sakuchiona ndiye womufunira zabwino, ngakhale mawuwo atamuwawa pa nthawiyo. Kutsina khutu ndi kuchenjeza munthu mwamseri zinthu zisanafike poipa, ndipo mnansi si woyandikana naye nyumba yekha ayi, koma aliyense wokhala pafupi mokwanira kuti adziwe za mnzake ndi kumva chisoni akalakwitsa.

Luso lojambula zithunzi limaonetsa poyera chifukwa chake munthu sangathe kudzitsina yekha. Wophunzira wa ku Njuli, pamsewu wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba, akatumidwa kukajambula moyo wa kwawo ndi foni ya m'manja, n'zosadabwitsa atathamangira kwa ophwanya miyala, pakuti deralo limadziwika ndi kwale. Pojambula amakhala akumva kulira kwa nyundo, fumbi likumulowa m'mphuno ndiponso dzuwa likumuwotcha, ndipo akabwera nacho chithunzicho m'kalasi amaganiza kuti zonsezo zilimo, pamene zatsalira m'mutu mwake. Anzake amaona chokhacho chimene kamera inatola: nkhope ya mayi wophwanya miyala ili bii chifukwa dzuwa linali kumbuyo kwake, mtengo wa magetsi ukuoneka ngati wamera pamutu pake, ndipo manja ogwira nyundo, amene ndiwo anali mutu wa nkhani, adukira m'mphepete. Zolakwa zoterezi zili ndi mankhwala odziwika, monga kujambula m'mawa kapena madzulo pamene kuwala kuli kofewa, kuima mwakuti dzuwa liwalire pa wojambulidwayo, ndi kusendera pafupi. Koma wophunzira sangafune mankhwala a nthenda imene sakudziwa kuti ali nayo.

Pali kusiyana kumodzi pakati pa mwambiwu ndi zochitika m'kalasi, ndipo n'kwakukulu. Makolo ankatsina khutu kuseri, pofuna kusunga ulemu wa wolakwayo, pamene m'kalasi chithunzi chimaonetsedwa pamaso pa onse. Pothawa kuchititsa mnzawo manyazi, ophunzira ambiri amangoti "chili bwino", mawu omveka aulemu koma osiya mnzawo ali chimodzimodzi monga anabwerera. Ena amagwera mbali inayo, nasandutsa kudzudzula kukhala chipongwe. Udindo wa mphunzitsi ndi kuonetsetsa kuti zokambirana zikukhudza chithunzi osati mwini wake, ndiponso kuti aliyense wonena kuti pena palakwika aloze malowo ndi chala, nanena chimene iye akadachita.

Komabe mwambiwu sunena kuti aliyense wotsina ndi mnansi, ndipo mbiri ya boma la Chiradzulu, kumene kuli Njuli, ili ndi umboni wake. Ku Mbombwe, kumene John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900, kunajambulidwa chithunzi mu 1914 choonetsa Chilembwe ataima ndi mmishonale wachizungu John Chorley, onse awiri atavala zipewa. Munthu wosadziwa mbiri angaone amuna awiri ovala bwino basi, mwinanso n'kudandaula kuti aima mouma. Koma m'nthawi ya atsamunda munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu, kotero kuti chipewa cha Chilembwe ndicho chinali mawu a chithunzicho, iye asanatsogolere kuukira atsamunda mu Januwale 1915. Samson Kambalu, katswiri wa zaluso wobadwira m'Malawi, ndiye anawerenga mawuwo, napanga kuchokera pa chithunzicho chiboliboli chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London mu 2022, Chilembwe ali wamkulu kuposa Chorley. Diso lodziwa malo ndi mbiri yake limaona zimene diso longodziwa malamulo a kuwala limaphonya, ndipo wophunzira ali ndi ufulu womva ndemanga zonse, kenako n'kukana zimene zikufuna kudula chinthu chonyamula tanthauzo.

Funso lopweteka kwambiri m'kalasi nthawi zambiri silikhudza kuwala konse, koma limakhala lakuti kodi wojambulidwayo anapemphedwa chilolezo, makamaka masiku ano pamene chithunzi chimafika pa WhatsApp ndi pa Facebook dzuwa lisanalowe. Mayi wophwanya miyala uja nayenso ndi mnansi, ndipo ndi iye yekha angathe kunena ngati chithunzicho chaonetsa ntchito yake kapena changoonetsa umphawi wake. Aphunzitsi a luso limeneli azituma ophunzira kuti abwerere nacho chithunzicho kwa mwini nkhope, akamve ndemanga yake asanachiike pakhoma.