Nkhokwe Yachiwiri

Munthu akati "ndatopa, apa ndiye pothera mphamvu zanga," kodi amakhala akunena zoona? Ine ndimakhulupirira kuti wanena theka chabe la choonadi. Munthu aliyense ali ndi nkhokwe ziwiri za mphamvu. Yoyamba timatapamo tsiku ndi tsiku. Yachiwiri imakhala yomata, ndipo ambirife sitidziwa kuti tili nayo kufikira tsiku la mavuto.

Kwathu ku Mwanza tidaziona zimenezi. Kuyambira m'chaka cha 2015, anthu ochokera m'chigawo cha Tete ku Mozambique adayamba kuwoloka malire, kuthawa mkangano wa asilikali a boma ndi a Renamo. Pofika mu Malichi 2016, pamudzi wa Kapise padali anthu othawa kwawo pafupifupi 10,000. Chaka chomwecho mvula idavuta, moti mu Epulo Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Eni mudzi adali ndi chifukwa chokwanira chonenera kuti sangathe. Komabe malo omangapo zisakasa adapezeka, madzi ochepawo adagawana, ndipo ogwira ntchito zaumoyo adalimbana ndi malungo pakati pa khamu loposa limene adazolowera kulitumikira.

Nanga mphamvu yotereyi imachokera kuti? Malipiro amamufikitsa munthu pa ntchito, ndipo kapitawo waukali amatha kumufulumizitsa manja kwa kanthawi. Koma chimene chimatsekula nkhokwe yachiwiri ndi nkhope ya munthu amene akudalira ntchitoyo. Namwino amene maso alemera tulo amadzidzimuka akamva kupuma kwa mwana wodwala. Mayi wosenza dengu la manachesi kuchokera kumapiri kupita kumsika wa paboma amamva khosi kuwawa, koma akakumbukira fizi ya mwana wake, mtunda umafupika. Ntchito ikakhala ndi mwini wake wooneka ndi maso, thupi limavomera zimene lidakana m'mawa. Makolo sadaname pamene adati kanthu ndi khama, phwiti adakwatira njiwa.

Tsono apa ndi pamene pagona funso limene limandisautsa. Bwana akaona kuti antchito asanu agwira ntchito ya anthu khumi pa nthawi ya ngozi, kawirikawiri amaganiza kuti asanuwo ndi okwanira mpaka kalekale. Zimene munthu adapereka mwa chifundo zimasanduka muyeso wa tsiku lililonse, ndipo akalephera kuzibwereza amatchedwa mlesi. Kumeneku ndimakutcha kuba. Nkhokwe yachiwiri ili ngati mbewu yosungira dzinja: ukaidya m'chilimwe, udzabzala chiyani mvula ikagwa? Mphunzitsi amene amakhala ndi ana oposa zana m'kalasi chaka ndi chaka amayamba ndi changu, kenaka amazizira mtima, osati chifukwa ndi woipa, koma chifukwa nkhokwe zake zonse ziwiri zapsa.

Ngakhale nkhani ya ku Kapise ikutiphunzitsa zomwezo. Mudzi umodzi sukadasenza katundu wotere mpaka muyaya. Mu Epulo 2016 boma ndi bungwe la UNHCR adayamba kusamutsira anthuwo kumsasa wa Luwani m'boma la Neno, umene udasungaponso anthu a ku Mozambique pa nkhondo imene idatha mu 1992. Khama la eni mudzi lidagwira anthu pa miyezi yovuta, koma pambuyo pake padafunika dongosolo. Mutu umodzi susenza denga.

Choncho kwa mnzanga wogwira ntchito ndikuti: musafulumire kukhulupirira kutopa kwanu, chifukwa mawu ake oyamba sakhala omaliza. Yang'anani amene akudikira thukuta lanu, mudzapeza kuti mwendo ungathe kuponyanso phazi lina. Kwa olemba anzawo ntchito ndikuti: mukaona munthu watsekula nkhokwe yake yachiwiri, muthokozeni, mumpatse mpumulo ndi womuthandiza kuti aidzazenso. Tsiku la ngozi lidzabweranso, ndipo tsoka kwa mudzi umene udzapeze nkhokwe zonse zili mbee.