Mtedza wotsala pa lichero amadya ndani?

Mtedza ndi mbewu yobereka mobisa. Maluwa ake achikasu amaphuka pamwamba pa nthaka, koma akafota, kamphukira kamawerama n'kudzibaya pansi, ndipo makoko amakulira kumeneko mpaka kukhwima. Kwawo kwa mbewuyi ndi ku South America, ndipo Apwitikizi ndiwo anaifikitsa ku Africa m'zaka za m'ma 1500, monga anachitiranso ndi chinangwa. M'boma la Nkhotakota mtedza umalimidwa kwambiri kumtunda, cha ku Mwansambo. M'dera la Mfumu Yaikulu Malenga Chanzi, kufupi ndi nyanja, zakudya zikuluzikulu ndi mpunga, chinangwa ndi nsomba, komabe nsinjiro sizisowa pamsika, chifukwa chigwada kapena nkhwani zosatendera zimatsala m'mbale.

Wobzalidwa ndi mvula yoyamba, mtedza umakhwima pakati pa Epulo ndi Juni malinga ndi mtundu wake. Wa Chalimbana, wa maso akuluakulu uja, umatenga pafupifupi miyezi isanu. Wa CG7, wofiira, umene unafika kwa alimi mu 1990, umafulumirako pang'ono. Wa Kakoma umacha msanga kuposa iwiriyi. Mlimi wodziwa sakhulupirira masamba okha. Amazula phata limodzi n'kuswa makoko angapo, ndipo akaona kuti m'kati mwa khoko mwayamba kuda amadziwa kuti nthawi yakwana. Kukumba msanga kumapatsa mtedza wofota. Kuchedwa nako kumachititsa kuti makoko athothokere m'nthaka, kumene chiswe chimawaboola. Otsalira m'nthakawo ndi a okunkha, ndipo mwambo wolola ana ndi osowa kukunkha m'munda wokolola kale umafanana ndi lamulo la m'buku la Levitiko, limene Rute anapulumukirapo m'munda wa Boazi.

Ukakumbidwa, mtedza umayanikidwa pamodzi ndi masangwi ake. Alangizi a zaulimi amalimbikitsa kuusanja mozungulira, kusiya mpata pakati woti mphepo izidutsa, njira imene amaitcha Mandela cock. M'mbali mwa nyanja ntchitoyi ndi yovuta kusiyana ndi kumtunda: mvula ya kumapeto imatha kugwa mtedza uli pamunda, ndipo mame ndi chinyezi zimachedwetsa kuuma. Mtedza wouma bwino umalira m'khoko ukagwedezedwa. Pamenepo amauthothola, kuupeta kuti dothi ndi zinyalala zichoke, n'kuusunga m'matumba. Wosungidwa ndi makoko ake umakhala nthawi yaitali kuposa wosenda.

Kusenda ndiyo ntchito yopweteka. M'makomo ambiri imachitika ndi manja, amayi ndi ana atazungulira mphasa, ndipo khoko louma limatupitsa nsonga za zala. Ndi chifukwa chake ena amawaza madzi pa makoko kuti afewe. Njirayi imapeputsa ntchito, imachepetsa maso osweka, komanso imawonjezera kulemera kwa thumba pa sikelo ya venda. Zifukwa ziwiri zoyambazo ndi za munthu wotopa, chachitatucho ndi cha munthu wochenjera, ndipo nthawi zambiri zonse zitatu zimakhala mwa munthu mmodzi.

Kenaka pamabwera kusankha. Mtedza wosenda umathiridwa pa lichero, ndipo umagawika patatu. Wonenepa ndi wosalala umapita ku mbewu. Wotsatira umapita ku malonda. Wofota, wosweka, wobooka ndi wosintha mtundu umatsala. Wotsalawu kawirikawiri sutayidwa. Umasinjidwa mu mtondo kukhala nsinjiro zotendera ndiwo ndi zothira m'phala la ana, kapena umagulitsidwa motchipa kwa opanga nsinjiro ndi chiponde cha pamsika. Ukangosinjidwa, palibenso amene angazindikire kuti unachokera pa mulu uti.

Vuto la mulu wachitatuwu ndi chuku. Pali nkhungu ya m'nthaka, yotchedwa Aspergillus flavus, imene imalowa mu mtedza pamene khoko labooka, pamene chilala chafooketsa mbewu kumapeto kwa nyengo, kapena pamene mtedza wasungidwa wachinyezi. Nkhunguyi imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Dziko linamudziwa mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Poizoniyu amawononga chiwindi ndipo ali m'gulu la zinthu zimene zinatsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Ngoziyo imakula kwambiri mwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Ofufuza apezanso kuti ana amene amadya poizoniyu pafupipafupi amakonda kukhala opinimbira. Akachuluka pa nthawi imodzi amapha msanga, monga zinachitikira ku Kenya mu 2004, kumene anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Nthawi zina mtedza umawawa n'kuchenjeza wodya, koma nthawi zina umaoneka bwino ndithu uli naye, ngati nkhuyu ija yokoma kunja m'kati muli nyerere.

Misika ya kunja inaika malire okhwima. Mayiko a European Union salola poizoniyu kupitirira magawo 4 pa biliyoni mu mtedza wodya anthu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Malawi, amene kale ankatumiza Chalimbana wambiri ku Ulaya kudzera mwa ADMARC, anavutikira kusunga msikawo. Mankhwala ake apafupi ndi kusankha ndi manja, pakuti poizoniyu safalikira mofanana m'thumba lonse. Amadzadza m'maso ochepa owonongeka. Kuchotsa maso amenewo kumatsitsa kwambiri poizoni wa thumba. Apa ndi pamene pagona funso la chikumbumtima. Kusankha sikupha poizoni, kumangomusonkhanitsa pamalo amodzi. Wosankha akamasamala kwambiri kuti akondweretse wogula, mulu wotsala umaipiraipira. Motero ntchito imene imateteza mlendo wa kutali ndi yomweyo imene imawonjezera ngozi m'mbale ya mwana wa pakhomo.

Anthu a m'mbali mwa nyanja si alendo pa nkhani ya chakudya cha poizoni. Chinangwa chowawa, chimene amapangira kondowole, chili ndi poizoni wobadwa naye, ndipo amayi amadziwa kuchisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kuchiyanika ndi kuchisinja. Kafukufuku wa Linley Chiwona-Karltun ku Nkhata Bay anasonyeza kuti alimi amasankha dala mitundu yowawa, chifukwa mbala ndi nyama zakutchire siziikhumbira. Poizoni wa chinangwa ali ndi ulemu wake: amadzionetsa pa lilime, madzi amamuchotsa, ndipo anthu akafupikitsa ntchito yokonza chinangwacho zotsatira zake zimaoneka posachedwa, monga matenda opuwalitsa miyendo amene anagwa ku Nampula, m'dziko la Mozambique, mu 1981. Nzeru za makolo zinakula molimbana ndi mdani wooneka chotere. Wa mu mtedza ndi wosiyana. Madzi amene amayeretsa chinangwa ndiwo amamubala, ndipo chilango chake chimatha kufika patapita zaka zambiri, pamene palibenso wokumbukira phala limene linadyedwa. Munthu amene amati choipa chinalengedwa pamodzi ndi dziko angaloze chinangwa. Amene amati choipa chimalowa kudzera m'manja mwa anthu angaloze mtedza. Pagombe la Nkhotakota zonse ziwiri zimakumana m'mbale imodzi ya kondowole ndi chigwada chotendera.

Zipembedzo ziwiri zikuluzikulu za derali zili ndi mawu pa zina mwa izi. Chisilamu chinakhazikika ku Nkhotakota kuyambira nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah, m'zaka za m'ma 1840, ndipo mpingo wa Anglican unamanga mishoni yake kumeneko mu 1894. Palibe mwa ziwirizi chimene chimaletsa mtedza. Ndi chakudya chololedwa kwa aliyense, choncho malamulo a zodetsa ndi zosadetsa sathandiza pano. Chimene chimathandiza ndi chiphunzitso cha malonda. Mu mabuku a hadith a Imam Muslim muli nkhani ya Mtumiki Muhammad amene anapisa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika n'kupeza kuti pansi pake n'ponyowa. Anadzudzula mwini wake chifukwa chosaika chonyowacho pamwamba poti ogula achione. Sura 83 ya Qur'an imayamba ndi kuchenjeza ochepetsa muyeso. Mneneri Amosi, m'mutu 8, anadzudzula amalonda a masikelo onyenga amene ankagulitsa ngakhale zosesa za tirigu. Thumba la mtedza wowazidwa madzi kuti lilemere likulowa m'milandu yonseyi popanda kutanthauzira kwina. Akulowamonso venda amene sikelo yake imadya makilogalamu a mlimi, ndipo nthawi zambiri vendayo ndiye amapereka chowiringula kwa wowaza madziyo. Chinyengo chimodzi chimaitana chinzake, ndipo wolipira ndi munthu wachitatu amene sanali pamsikapo.

Palinso chiphunzitso cha zopereka. Malaki anadzudzula ansembe olandira nyama zakhungu ndi zopunduka, zimene sakanayerekeza kukapereka kwa bwanamkubwa. Sura yachiwiri ya Qur'an, ndime 267, imaletsa kupereka sadaka kuchokera ku zoipa zimene mwini wake sangazilandire mosanyinyirika. Choncho mtedza wotsala sungapite ku masika a kutchalitchi, ndipo sungakhale sadaka ya mayi wamasiye.

Malamulo onsewa amateteza wogula, wosauka ndi guwa la nsembe. Za mwana wa pakhomo sanena mwachindunji, mwina chifukwa ankaona kuti kholo silifunika lamulo kuti lipatse mwana wake chabwino. Koma umphawi umatembenuza dongosololi. Mtedza wabwino ndi fizi, ndi feteleza, ndi malata. Wotsala ndi waulere. Mayi amene akusinja wofota sakuchita nkhanza, akusamala chuma cha banja, ndipo akutsata mwambo wabwino wakuti chakudya sichitayidwa. Makhalidwe awiri otamandika, kusanyenga wogula ndi kusawononga chakudya, akaphatikizana amabala chinthu choopsa. Izi n'zovuta kuzilalikira, chifukwa ulaliki unazolowera kufunafuna munthu woipa, ndipo pa mphasapo palibe.

Mlandu wa wosadziwa ndi nkhani yakale m'zipembedzo zonse ziwiri. Chisilamu chimaphunzitsa kuti ntchito zimayesedwa ndi cholinga cha mtima. Luka, m'mutu 12, amasiyanitsa wantchito wodziwa chifuniro cha mbuye wake ndi wosadziwa, ndipo chilango chawo sichifanana. Komabe Levitiko 4 imalamula nsembe ngakhale pa cholakwa chosadziwa, kusonyeza kuti kuwonongeka kumakhalapo ngakhale mtima unali woyera. Maganizo a Achewa akale ali pafupi ndi mfundo yomalizayi. Mwana akatupa kapena kuwonda, akuluakulu ankafunsa za tsempho, kutanthauza kuti thanzi la mwana limadalira zimene makolo amachita kumene kulibe owaona. Achipatala masiku ano amafotokoza matenda oterewa mwa njira ina, koma kuloza kwa funsolo kunali kolondola: chimene chimalowa m'thupi la mwana chimadutsa m'manja mwa akulu.

Kuweruza koyenera, tsono, kumatsata kukula kwa chidziwitso ndi kukula kwa mphamvu. Agogo amene sanamvepo za chuku alibe mlandu, ngakhale mdzukulu atavulala. Mlimi amene anamva kwa mlangizi koma akupitiriza kuwaza madzi ali nawo. Wogula mtedza wotsala ndi cholinga choubisa mu chiponde ali ndi waukulu kuposa onsewa, popeza phindu lake lagona pa kusazindikira kwa odya. Nawo msika umene umalipira mtengo umodzi pa mtedza wouma ndi wonyowa, wosankha ndi wosasankha, umaphunzitsa mlimi kuti kusamala n'kutaya nthawi, ndipo oyendetsa msika wotero sangadzichotse pa mlanduwo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards limayeza katundu wa m'mafakitale ndi wopita kunja, koma nsinjiro zoyezedwa ndi kambale pamsika wa kumudzi zilibe woziyeza kupatula amene anazisinja.

Zochita zake n'zodziwika ndipo sizifuna ndalama zambiri. Mtedza ukumbidwe pa nthawi yake mosavulaza makoko, uume mpaka kulira, usendedwe wouma, ndipo matumba akhale pa thandala, osagunda pansi kapena khoma. Nsinjiro za phala la ana zitapidwe pa mulu womwewo wa malonda, wogula asanafike. Maso ongosweka posenda, ngati ali oyera, angadyedwe msanga osawasunga. Owola, obooka ndi osintha mtundu malo ake ndi kudzenje kapena pamoto. Kuwapatsa ng'ombe kapena mbuzi za mkaka sikuthetsa kanthu, chifukwa poizoniyo amatulukira mu mkaka.