Kuwala Kwake kapena Kwanga?

Mnzanga wina amene amakhala ku America ananditumizira zithunzi pafoni. Zibaluni zikuluzikulu, zonga mphonda zozondoka, zili ngwee mumdima ngati nyali za koloboyi zimene wayatsa chimphona. Akuti n'ku Albuquerque, kumene chaka ndi chaka mu Okutobala amachita chikondwerero cha zibaluni zouluka ndi mpweya wotentha, chimene chinayamba mu 1972. Madzulo ena saziulutsa ayi. Amazimangirira pansi, n'kudikira kuti kude, kenaka onse pamodzi n'kuyatsa moto wa gasi kukamwa kwa chibaluni. Nsalu yonse imayaka mtundu wake kwa kamphindi, moto ukazima mdima n'kubwerera.

Chimene chinandigwira mtima si zibalunizo, koma mawu amene mnzangayo anaonjezera. Akuti wojambula wodziwa ntchito amayamba wazimitsa fulashi. Ukang'animitsa kuwala kwako, umangojambula zingwe, dengu ndi mitu ya anthu oonerera. Kuwala kwa m'kati kuja kumathawa. Umaimika kamera pamiyendo yake itatu kuti isagwedezeke, n'kudikira chinthucho chiwale chokha.

Ndinawerenga mawuwo manyazi atandigwira, pakuti ndinakumbuka za kwathu kwa Dzoole.

Unali mwezi wa Seputembala, fodya atagulitsa, mowa wa mpalo wa agogo aamuna utapsa. Ine ndinatsika basi pa Mponela ndili ndi shuga, mchere ndi foni yatsopano. Usiku mwezi utakwera kuchokera kumapiri a ku Ntchisi, ng'oma zinasintha kalankhulidwe, amayi anayandikana, ndipo kuchokera kudambwe kunatuluka kasiyamaliro. Amene munamuonapo usiku mukudziwa. Samaoneka yense. Umaona msana woyera ukuzungulira m'fumbi, nyanga zikudula mwezi, kwinako mdima umasunga. Ine, mwana wa m'tauni, ndinatukula foni. Ng'aniii!

Ng'oma sizinaleke. Koma ndinamva dzanja lolimba pamkono panga. Anali atsibweni. Sanakalipe.

"Mphwanga, wabwera kudzalira agogo ako kapena kudzaba?"

Ndinayesa kudziteteza, ndipo kunena zoona mfundo ndinali nazo, mpaka lero ndikadali nazo. Kodi gule sitimuona masana pamisonkhano ya ndale, kuyambira nthawi ya Kamuzu? Kodi satuluka pa kanema? Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu onse a padziko. Nanga chuma cha onse n'kuchibisiranji? Ku Mua, ku Kungoni kumene anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976, zigoba za gule zili mbwee, alendo amalipira n'kuona. Ndiponso chilombo ngati chija mwambo ukatha amachitentha. Luso lonse lija la makoko a chimanga, la masiku ambiri, n'kusanduka phulusa. Tsono wolakwa ndani, wosunga kapena wotentha? Tikamadandaula kuti mbiri yathu anatilembera ndi Azungu, si chifukwa choti ife sitinasunge kanthu?

Atsibweni anangoti, "Taona chimene wasungacho."

M'mawa ndinaona. Munalibe kasiyamaliro m'chithunzimo. Munali makoko, luzi, fumbi loyera ngati ufa, ndi zina zimene sindingalembe m'nyuzi muno, pakuti ana ndi osameta amawerenganso. Zonse zinali zoona, palibe chimene kamera inanama. Koma chimene tonse tinaona pabwalo paja, chimene chinachititsa azakhali kulira mokweza dzina la bambo awo, munalibemo.

Apa ndiye pamene pamandizunguza mutu, abale. Ife ophunzira tinaleredwa kuti kuunika n'kwabwino nthawi zonse. Ndipo inde, m'zaka za 1992 ndi 1993 dziko lino linaphunzira kuti mdima umabisa zoopsa, kuti pali zitseko zofunika kuzitsegula ndi chidendene. Nyuzi zonga ino zinabadwira pomwepo. Sindingabwerere pa zimenezo. Ngakhale kudambwe, mwana akamenyedwa kapena kuletsedwa sukulu, aunike ndithu, asaope. Koma kodi mdima wonse ndi wa mbala? Wina ndi wa mwini nyumba amene wakulandira, n'kukuonetsa pamene wafuna kuti uone. Chibaluni cha ku Albuquerque anachiyatsira makamera, chimakondwa ukachijambula. Kasiyamaliro uja sanadzere ine. Anadzera agogo, kudzawaperekeza, ine ndinali woimirira nawo chabe. Ndipo ngakhale chibalunicho, chimene chilibe mwambo kapena manda, akuti sichilola kuti ubwere ndi kuwala kwako.

Ndinalipira nkhuku. Atsibweni sananene kuti ndifufute chithunzicho, ndipo ndikuganiza kuti anachitira dala, kundisiyira mlandu m'thumba. Chikadalimo. Ndasintha foni kawiri, chikusamuka nane. Tsiku lina mwana wanga wamkazi, amene anabadwira ku Kawale ndipo kwa Dzoole wapitako katatu kokha, anandipeza ndikuchiyang'ana.

"Adadi, n'chiyani chimenecho?"

Ndinatembenuza foni, n'kumuuza kuti chaka chamawa tidzapita limodzi, akaone yekha usiku.